Mukafuna kukaphunzira flamenco ku Spain, tsogozani makutu, mapazi adzatsatira

Tsiku langa loyamba m'kalasi yovina ku Sevilla ndinalowa nditavala nsapato zatsopano za misomali kunsi ndi siketi yakuda yofika m'akakolo, mtima uli dyokodyoko. Mphunzitsi wake anali mayi wamfupi, wa msinkhu wa amayi anga aang'ono. Anandiyang'ana ndikuponda kawiri katatu, kenaka anandilozera benchi la kukhoma. Chisipanishi changa chinali cha moni basi, koma ndinamva: khala apo, uziomba m'manja. Pabenchipo ndinakhalapo masabata awiri athunthu, ndikuwerengera mumtima ndalama ya ndege imene ndinaisonkhanitsa kwa zaka zinayi. Ndinakwiya, sindinama. Koma lero wina akandifunsa kuti ayambire pati, ndimamuuza za benchi limenelo ndisanatchule za viza.

Kwathu ndi ku Dedza, ndipo ndinakula ndikuvina chimtali pa zikwati ndi kusukulu. Flamenco ndinakumana nayo pa YouTube, nditaona kanema wakale wa Carmen Amaya, mayi wa ku Barcelona amene anamwalira mu 1963, akuponda pansi ngati matalala pa malata. Ndinakakhala ku Sevilla miyezi isanu ndi inayi, kuyambira Seputembala 2023 mpaka Juni 2024, m'mawa ndikuphunzira Chisipanishi, masana ndikuvina. Zimene ndilembe pano ndi za munthu wopita ndi ndalama zake zochepa, wochokera kuno kwathu, amene sakufuna kubwerako ndi zithunzi zokhazokha.

Mzinda uti

Flamenco kwawo ndi ku Andalucía, kum'mwera kwa Spain, ndipo mizinda imene ophunzira ambiri amathamangirako ndi inayi. Ku Madrid, ngakhale si ku Andalucía, kuli sukulu yotchuka ya Amor de Dios pamwamba pa msika wa Antón Martín, ndi aphunzitsi ochuluka, koma nyumba ndi zodula ndipo ukatuluka m'kalasi flamenco imathera pakhomo. Ku Granada kuli mapanga a ku Sacromonte ndi Peña La Platería, bwalo la okonda flamenco limene linayamba mu 1949. Ndi mzinda wa ophunzira, wotsikirako mtengo, koma m'nyengo yozizira kumazizira zenizeni chifukwa uli m'munsi mwa mapiri a Sierra Nevada. Ku Jerez de la Frontera ndi kwawo kwa bulerías, mtundu wa flamenco wothamanga kwambiri, m'madera a Santiago ndi San Miguel. Ku Sevilla kuli zonse pang'onopang'ono: sukulu zikuluzikulu monga Fundación Cristina Heeren, timasitudiyo tambirimbiri ta aphunzitsi oima paokha ku Triana, ku Macarena ndi m'mabwalo akale a mu msewu wa Castellar, komanso sukulu za chiyankhulo zambiri.

Ine ndinasankha Sevilla chifukwa cha mapepala, ndipo ndifotokoza. Koma mtima wanga unatsalira ku Jerez, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa sitima. Ndikanati ndipitenso, ndikanachitanso chimodzimodzi: kugona ku Sevilla, Loweruka lililonse limene thumba lalola kukwera sitima ya ku Jerez. Ndipo ndikanasankha chaka bwino. Bienal de Flamenco ya ku Sevilla, imene inayamba mu 1980, imachitika m'zaka zogawika pawiri zokha, cha m'Seputembala. Ine ndinafika mu 2023, n'kuchoka kutatsala miyezi itatu kuti ya 2024 iyambe. Zimandiwawabe.

Mapepala

Viza wamba ya Schengen imakulolani masiku 90 m'kati mwa masiku 180. Ngati mukungofuna kulawa, imeneyo ikukwanirani, ndipo musaipeputse: miyezi itatu ya kalasi tsiku ndi tsiku si yochepa. Mukafuna kupitirira apo mufunika viza ya ophunzira. Spain ilibe ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Ofesi ya ku Harare ndi imene imayang'anira Malawi ndi Zambia, choncho ulendo umenewo muuike pa bajeti kuyambira pachiyambi.

Nayi mfundo imene ambiri amaizindikira mochedwa. Aphunzitsi abwino kwambiri a kuvina, aja ophunzitsira m'kachipinda ka galasi limodzi, sangakupatseni kalata yoti mutengere viza, chifukwa si sukulu zovomerezeka ndi boma m'njira imeneyo. Viza imafuna kalata ya sukulu yovomerezeka, ya maphunziro a maola osachepera 20 pa sabata. Njira zake ndi ziwiri: kulembetsa maphunziro a chaka pa sukulu yaikulu ya flamenco imene imatha kupereka kalatayo, kapena kulembetsa Chisipanishi pa sukulu yovomerezedwa ndi Instituto Cervantes, bungwe la boma la Spain loona za chiyankhulochi, kenaka kuvina kwanu n'kumalipira padera masana. Ine ndinatenga yachiwiriyi, ndipo ndimailimbikitsa, chifukwa imakusiyani mfulu kusintha mphunzitsi wa kuvina ngati simukugwirizana naye, komanso imakukakamizani kuphunzira chiyankhulo, chimene mukanachizemba mukanakhala nokha.

Pamwamba pa kalatayo amafuna umboni wa ndalama zodzisamalira. Muyeso wake amautcha IPREM, ndipo nthawi yanga unali mayuro 600 pa mwezi, kuchulukitsa ndi miyezi yonse imene mukakhaleko. Amafunanso inshuwalansi ya chipatala ya kampani yololedwa kugwira ntchito ku Spain. Nthawi yanga, wopitirira miyezi isanu ndi umodzi ankaonjezera kalata ya kupolisi yoti alibe mlandu ndi kalata ya dokotala. Makalata a kuno ayenera kudindidwa chidindo cha apostille, chimene Malawi amapereka, kenaka kumasuliridwa m'Chisipanishi ndi womasulira wolumbira, amene kumeneko amamutcha traductor jurado. Apa ine ndinadzigwetsa ndekha: ndinapatsa mnzanga wodziwa Chisipanishi kuti andimasulire, poganiza kuti ndapulumutsa ndalama, ndipo ndinabwereza zonse. Malamulo a alendo ku Spain anasinthidwanso mu Meyi 2025, ndiye mndandanda wa zofunika muutenge pa tsamba la ofesi ya kazembe m'mwezi umene mukupempha, osati kwa ine. Yambani miyezi inayi kapena isanu isanafike nthawi yonyamuka.

Mukafika, mwezi woyamba muli ndi ntchito ziwiri za m'maofesi. Yoyamba ndi empadronamiento, kulembetsa ku khonsolo ya mzinda kuti mukukhala nyumba yakutiyakuti. Yachiwiri, kwa okhala kupitirira miyezi isanu ndi umodzi, ndi kukapempha khadi la alendo lotchedwa TIE, kumene amakatenga zidindo za zala. Zonsezi zimafuna cita previa, kusungitsa nthawi pa intaneti, ndipo malo amatha msanga, choncho yambani kuyesa sabata yomwe mwafikayo.

Ndalama ndi pogona

Ndalama yanu yonse muisandutse mayuro musananyamuke, ngakhale zitavuta bwanji kupeza ndalama zakunja m'mabanki athu. Ine ndinasiya gawo lina mu akaunti ya makwacha kuti mlongo wanga azinditumizira pang'onopang'ono. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ine ndili ku Sevilla, ndipo makalasi a miyezi iwiri anasungunuka ndili m'tulo. Kuyambira pamenepo ndinachepetsa makalasi ovina kuchoka pa asanu pa sabata kufika pa atatu. Chodabwitsa n'chakuti kuvina kwanga sikunabwerere m'mbuyo, chifukwa masiku otsalawo ndinkawathera pa kumvetsera.

Pogona, funani chipinda m'nyumba yogawana, piso compartido. Ambiri amafufuzira pa tsamba la pa intaneti la Idealista kapena pa zikwangwani za m'masukulu. Musatumize ndalama kwa munthu musanaione nyumbayo ndi maso. Lipirani sabata imodzi kapena awiri pa malo ogona alendo otsika mtengo, muziyenda nokha. Mwini nyumba amafuna fianza, chikole cha mwezi umodzi. Mufunseni musanasaine ngati akulolani kulembetsa ku khonsolo ndi adiresi yakeyo, chifukwa ena amakana ndipo popanda zimenezo mapepala anu aima. Ndinenenso poyera: alipo eni nyumba amene ankayankha mauthenga anga mwansangala, koma atandiona nkhope, chipinda chinali "chitangotengedwa kumene". Zinandichitikira kawiri. Kachitatu ndinapeza gogo wina wamasiye wa ku Macarena amene anandisunga ngati mdzukulu.

Ndikanakhala ndi ophunzira anzanga ochokera ku Japan, ku Germany ndi ku America, bwenzi tikuyankhula Chingerezi usiku wonse. Gogoyu sankadziwa liwu limodzi la Chingerezi, ndipo wailesi yake ya kanema sinkazimitsidwa. Theka la Chisipanishi changa ndinalitola pa tebulo lake.

Musaponde nsapato zovinira m'nyumba. Ndinayesa kamodzi, mphindi zisanu zokha, ndipo bambo wa m'nyumba ya pansi anabwera akutukutira. Masitudiyo amabwereketsa zipinda pa ola; gwirizanani awiri kapena atatu mugawane mtengo.

Compás

Tsopano tibwerere pa benchi paja. Flamenco ili ndi miyendo itatu ngati mafuwa: cante, kuimba, toque, kuimba gitala, ndi baile, kuvina. Mlendo amathamangira kuvina chifukwa ndi kumene kumaoneka, koma eni ake amaika kuimba patsogolo. Chimene chimamanga zitatuzi pamodzi ndi compás, kayendedwe ka nthawi kamene nyimbo iliyonse imazungulirapo. Mitundu ya nyimbo amaitcha palos, ndipo uliwonse uli ndi compás yake ndi mtima wake. Tangos amayenda zinayizinayi, ndipo khutu lathu limawagwira tsiku lomwelo. Koma soleá, alegrías ndi bulerías zimayenda pa kugunda 12, ndipo mphamvu imagwera pa 3, 6, 8, 10 ndi 12. M'kalasi mudzamva akuwerenga chonchi: un, dos, TRES, cuatro, cinco, SEIS, siete, OCHO, nueve, DIEZ, un, DOS. Onani kuti 11 ndi 12 sawatchula maina awo, amangoti un, dos, kuti lilime lisapunthwe. Mu bulerías kuwerenga kumayambira pa 12, ndipo liwiro lake ndi la njinga yotsetsereka.

Ife tili ndi mwayi umene anzanga a ku Ulaya analibe. Munthu amene anakula akuomba m'manja pa bwalo, wina akuomba zitatu wina ziwiri nthawi imodzi, thupi lake limadziwa kale kuti kugunda kungathe kulukana. Kuomba kwa pakati pa kugunda, kumene amati contratiempo, anzanga ankalimbana nako miyezi, ine ndinakupeza m'sabata. Koma mwayi womwewo unandipusitsa. Ndinkamva kugunda, osamva pamene chizungulirocho chikuyambira ndi pamene chikutsekera, ndiye ndinkatha kuvina mokoma ndithu koma n'kumaliza pa 8 pamene aliyense wamaliza pa 10. Kumeneko amati uli fuera de compás, kunja kwa compás, ndipo palibe manyazi oposa amenewo. Angakukhululukire mikono yolimba ngati nthambi, koma osati zimenezo.

Choncho chitani izi musanakwere ndege, kwa miyezi itatu kapena kuposa. Pezani nyimbo zojambulidwa za compás yokhayokha, zilipo zambiri pa intaneti, muziomba nazo m'manja mphindi 20 tsiku lililonse. Phunzirani kuomba kwa mitundu iwiri: palmas sordas, manja atapindika ngati mukutunga madzi, kumveka kwake kogonthera, kumene amaomba woimba akamaimba, ndi palmas claras, zala zitatu pachikhatho, kumveka kwake kothetheka. Mvetserani oimba, osati ovina okha. Yambani ndi Camarón de la Isla ndi gitala ya Paco de Lucía chifukwa ndi osavuta kuwakonda, kenaka mubwerere m'mbuyo kwa La Niña de los Peines, La Paquera de Jerez ndi Fernanda de Utrera. Poyamba mawu awo adzakumvekerani ngati kulira maliro. Pitirizani mpaka mutayamba kusiyanitsa soleá ndi seguiriya osayang'ana dzina la nyimbo.

Chifukwa chake chiyankhulo si chapambali

Mwezi wachitatu, mphunzitsi anabweretsa woimba ndi wa gitala m'kalasi. Inafika nthawi yanga, ndinatulutsa mapondedwe onse amene ndinaloweza, mwamphamvu, mokondwa. Woimbayo anangosiya kuimba pakati pa mzere, n'kupinda manja, n'kumandiyang'ana. Ndinali nditaponda pamwamba pa mawu ake. Woimba akamaimba ndime yake, letra, wovina amayenda mofatsa, kusonyeza compás ndi thupi, kumene amati marcaje, n'kumayankha pokhapokha woimbayo akapuma. Phokoso la mapazi lili ndi nthawi yake, escobilla. Ukafuna kuti woimba alowe, kapena kuti gitala isinthe, umaitana ndi mapondedwe otchedwa llamada, ndipo ukafuna kutseka umachita remate. Amene anaonerapo Gule Wamkulu akudziwa mmene woimba ng'oma ya mbalule amayang'anira mapazi a wovina, ndi mmene wovinayo amamuuzira ndi thupi kuti apa dula. Ndi kukambirana kwa mtundu umenewo, kungoti kuno wachitatu wake ndi woimba, ndipo iye ndiye wamkulu.

Tsono udziwa bwanji kuti woimba watsala pang'ono kumaliza mzere, kapena kuti aubwereza, ngati sukumva zimene akunena? Ndipo uvina bwanji ndi nkhope yomwetulira pamene munthu akuimba za amayi ake amene anafera m'chipatala iye ali m'ndende? Ndinaonapo mlendo akuchita zimenezo, ndipo nanenso ndinazichitapo. N'chifukwa chake ndimakana anthu akamati Chisipanishi adzachitola m'njira.

Kwa ife chiyankhulochi chili ndi khomo lotseguka. Mavawelo ake ndi asanu, a, e, i, o, u, ndipo amatchulidwa monga momwe timawatchulira m'Chichewa, choncho mukawerenga mokweza anthu amakumvani kuposa mmene amamvera Mngelezi. Chilembo cha ñ ndi ny wathu wa mu nyama. Ngakhale ser ndi estar, zimene zimaliza ophunzira ambiri, ife tili nazo kale pang'ono: "ndine mphunzitsi" ndi ser, "ndili ku Sevilla" kapena "ndili bwino" ndi estar. Kugwirizanitsa mawu ndi el kapena la sikungaopse munthu amene amanena "chingwe chachitali" ndi "mtengo wautali" osaganizira. Magulu awo ndi awiri okha.

Chimene chidzakuvutitseni ndi l ndi r. Kwathu ziwirizi timazisinthanitsa popanda vuto, koma kumeneko pelo ndi tsitsi, pero ndi "koma", ndipo perro ndi galu. Ndinauzapo gogo uja kuti ndikufuna kukachapa galu wanga, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Yesererani r wogubuduza tsiku lililonse, muli nokha m'bafa. China ndi ulemu. Ali ndi tú ndi usted, ngati iwe ndi inu, koma amathamangira tú mofulumira kwambiri, ngakhale kwa mphunzitsi wa imvi. Pakamwa panga pankakana. Mphunzitsi wanga anachita kundidandaulira kuti ndikamamuti usted ndikumukalambitsa. Gogo wa kunyumba yekha ndi amene ndinamuumirira usted mpaka tsiku lochoka, ndipo sanadandaule.

Dziwaninso kuti Chisipanishi cha m'kalasi ndi cha mumsewu wa ku Andalucía ndi ngati Chichewa cha m'buku ndi cha pa depoti. Amameza s wa kumapeto, amameza d wa pakati: cansado amati cansao, más o menos imamveka ngati ma o meno. Mawu enieni a flamenco ndi otero kale: tablao (malo oonetsera flamenco), bailaora (wovina wamkazi), cantaor (woimba). Ku Sevilla wogulitsa mumsika adzakuitanani miarma, ku Cádiz mudzamva pisha ndi quillo. M'nyimbo mudzapezanso mawu a Caló, chiyankhulo cha Agitano, amene mphunzitsi wa kusukulu sadzakuphunzitsani: camelar, kukonda kapena kufuna, duquelas, masautso, Undebé, Mulungu, parné, ndalama. Njira imene inandithandiza ndi iyi: sabata iliyonse ndinkalemba letra imodzi m'kope, mizere itatu kapena inayi basi, n'kupita nayo kwa gogo kapena kwa woimba wa m'kalasi kuti andimasulire. Ngati mukufuna pepala losonyeza kuti munaphunzira, lembani mayeso a DELE musanabwerere. Kuchokera pa ziro, miyezi isanu ndi inayi ya maola 20 pa sabata inandifikitsa pa B1, mlingo wapakati, mosavutikira.

Thupi ndi nsapato

Nsapato za flamenco zili ndi timisomali tokhomedwa kutsogolo ndi ku chidendene. Musagule pa intaneti muli kuno. Kagulireni komweko, muziyese madzulo mapazi atatupa. Za mtengo wotsikitsitsa zimamveka ngati katoni ndipo zimapweteka mawondo. Zapakati, zimene amati semiprofesional, zikukwanirani chaka choyamba. Ngati phazi lanu ndi lotambalala ngati langa, la munthu amene anakula akuyenda chapansi, funsani za ancho especial, ndipo chidendene chisapitirire masentimita asanu. Opanga odziwika monga Gallardo, Senovilla ndi Begoña Cervera amasoka potengera muyeso, koma zimatenga masabata. Siketi imodzi yoyeserera ndi yokwanira. Bata de cola, diresi la mchira lija, ndi mantón, nsalu yaikulu ya mphonje, zisiyeni kaye.

Kuponda kwake kuli ndi maina: planta ndi kutsogolo kwa phazi, tacón ndi chidendene, golpe ndi phazi lonse. Mphamvu imachokera m'bondo kupita pansi, mawondo ali opindika pang'ono nthawi zonse. Mukaponda ndi mwendo woongoka, msana udzakuuzani m'mawa. Kupinda mawondo ife sitivutika nako. Chimene chinandivuta ine ndi kumtunda: chifuwa chokwezeka, mapewa pansi, mikono yozungulira pang'onopang'ono ngati ukukankha madzi, zala zikutembenuka. Ku Sevilla amanyadira kwambiri mikono ya akazi, kavinidwe kamene Matilde Coral anakaphunzitsa kwa zaka zambiri ku Triana. Ndipo chiuno, chimene kwathu ndicho mwini gule, mu soleá chimakhala chete. Mphunzitsi ankandimenya kambama kofewa m'chiuno n'kumati quieta, kutanthauza kuti khala chete. Koma titafika pa tangos ndi bulerías anandiuza kuti tsopano chimasule, ndipo tsiku limenelo anzanga ndi amene ankandifunsa kuti ndimachita bwanji.

Posankha mphunzitsi, lipirani kalasi imodzi yokha kaye musanalipire mwezi. Funsani ngati pamabwera woimba ndi wa gitala, ngakhale kamodzi pa sabata. Kalasi imene imangokupatsani mapondedwe atsopano tsiku lililonse pa nyimbo ya pa foni imakoma, ndipo mumatuluka ndi gule wathunthu woti mujambule, koma tsiku limene adzakuimikeni pamaso pa woimba wamoyo mudzasowa polowera. Sakanizani: kalasi imodzi ya técnica, yophunzitsa luso la mapazi ndi mikono, imodzi ya gule wathunthu, ndi imodzi ya bulerías ya pa chisangalalo, imene imaphunzitsa kulowa, kuvina pang'ono ndi kutuluka.

Kumene mukaonere

Tablao ndi malo olipira, ambiri mwa oonera ndi alendo, koma musawanyoze: ovina ake ndi akatswiri ndipo amavina osakonzekera pamodzi, choncho mumaona llamada ndi remate zikugwira ntchito. Pitani kangapo, mukhale pafupi. Koma malo anu enieni ndi peña, mabungwe a anthu a m'dera okonda flamenco, monga Torres Macarena ku Sevilla ndi ambiri a ku Jerez, kumene khomo ndi lotsika mtengo kapena laulere. Kumeneko khalani chete woimba akamaimba, ndipo musaombe nawo m'manja pokhapokha mutatsimikiza compás yanu. Kuomba kwa pa siteji ndi chida choimbira, si kuyamikira. Mawu olimbikitsa aja, ole, eso es, vamos allá, amene amati jaleo, ali ndi malo ake ngati nthungululu. Mvetserani kumene eni ake akuwaponya.

Mukakhala m'malo amenewa mudzazindikira kuti mwalowa m'nyumba ya eni. Mabanja ambiri amene anasunga nyimbozi ndi Agitano, anthu amene anafika ku Spain cha mu 1425 ndipo anazunzidwa kwa zaka mazana. Mu 1749 mfumu inalamula kuti onse agwidwe usiku umodzi. Zimenezo zili m'mawu a nyimbo. UNESCO inaika flamenco pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2010, mndandanda womwewo umene Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinalowapo mu 2008, ndipo ife tikudziwa kusiyana kwa gule wovinira alendo pa hotela ndi gule wa pa maliro a mfumu. Ku Jerez kuli Centro Andaluz de Documentación del Flamenco, malo osungirako zakale za flamenco (nthawi yanga anali pa Plaza de San Juan), kumene mungaonere makanema akale osalipira. Ine ndinkapitako ndi buledi m'chikwama.

Kalendala muidziwe. Mu Ogasiti masitudiyo ambiri amatseka ndipo ku Sevilla kutentha kumapitirira madigiri 40, choncho fikani mu Seputembala kapena Okutobala. Mu Disembala pitani ku Jerez ku zambomba, kumene anthu amazungulira moto m'mabwalo n'kumaimba nyimbo za Khirisimasi mwa flamenco, aliyense ndi mawu ake. Palibe tsiku limene ndinakumbuka kwathu ngati limenelo. Kumapeto kwa Febuluwale kumayamba Festival de Jerez, imene imachitika kuyambira 1997, ndi makalasi a sabata imodzi a aphunzitsi otchuka. Malo amatha miyezi ingapo isanafike, ndipo kunja kwa chikondwererocho kumakhalanso makalasi ena otsika mtengo. Sabata ya Semana Santa, yotsogolera Pasaka, ndi ya Feria de Abril, chikondwerero chachikulu cha ku Sevilla, makalasi ambiri amaima. Isanafike Feria phunzirani sevillanas, magule anayi aafupi ovina awiriawiri, amene akatswiri ena sawawerengera ngati flamenco yeniyeni koma aliyense amavina. Ku Feria ya ku Sevilla misasa yambiri ndi ya eni, umalowa ukaitanidwa. Ku Feria del Caballo ya ku Jerez, mu Meyi, misasa ndi yotsegukira aliyense.

Za m'mimba ndinene mwachidule. Chakudya chamasana ndi 2 koloko kapena 3, chamadzulo 9 kapena 10, ndipo thupi limazolowera pakatha mwezi. Dziphikireni: mphodza, nyemba za garbanzo, mazira, ndi tinsomba totchedwa boquerones timene tikakazingidwa timayandikira usipa. M'mashopu a anthu a ku Latin America muli ufa woyera wa chimanga wa Harina PAN, wophikidwa kale. Nsima yake imapsa m'mphindi zochepa ndipo imafewa mosiyana ndi yathu, koma Lamlungu lina imapulumutsa. Malalanje a m'misewu ya ku Sevilla musathyole, ndi owawa. Ndipo tengani juzi lochindikala ndi masokosi: nyumba zambiri zakale zinamangidwa kuti zithane ndi kutentha, ndiye mu Januwale m'nyumba mumazizira kuposa panja. Ine wa ku Dedza ndinkadziyesa wozolowera chisanu, koma ndinkagona nditavala chipewa.

Usiku wina mu Meyi, ku peña ina ya ku Jerez, pa fin de fiesta, pamene onse amaima mozungulira n'kumalowa mmodzimmodzi, mayi wina wachikulire amene ndinkakhala naye pafupi milungu ingapo anandikankha pamsana. Ndinadikira woimba amalize mzere woyamba, ndinalowa, ndinayenda mofatsa, ndinachita llamada imodzi, n'kutulukira pa 10 pamodzi ndi aliyense. Sizinakwane mphindi. Mapondedwe ovuta onse amene ndinalipirira sindinagwiritsepo ngakhale limodzi, ndipo miyendo inkanjenjemera mpaka pa siteshoni.

Pobwerera, gulani nsapato zachiwiri ngati ndalama yatsala, chifukwa kuno wosoka nsapato angakumatireni labala wa pansi koma misomali ija sangaikhome mofanana. Mujambulenso pa foni woimba wa m'kalasi mwanu, mutamupempha ndi kumulipira, akuimba letra ziwiri kapena zitatu za palo iliyonse imene mwaphunzira, chifukwa ku Lilongwe cantaor simudzamupeza. Pa simenti musavinepo. Ine ndinagula chitseko chakale kwa kalipentala, n'kuchigoneka pa matayala awiri a njinga pakhonde, ndipo ana a oyandikana nawo nyumba ndi amene amandiombera m'manja madzulo. Bulerías anaigwira m'masiku atatu, koma amakana kuwerenga.